Tayi ya Apulofesa

Mtsikana wa zitsime analowa mu ofesi osagogoda. Anthu a pa magazini ankamutchula choncho chifukwa pepala lake linali lonena za mchere wa m'madzi a m'zitsime. Anaika chikwama pa tebulo la Mkonzi, nakhala pampando asanauzidwe.

"Mayi, ndabwera kudzabwereka mabuku."

"Kuno si ku laibulale," anatero Mkonzi.

"Ku laibulaleko ndiye ndachokera. Ndafufuza mpaka woyang'anira akandiona amabisala kuseri kwa mashelefu. Mabuku amene wounika wanu akuti ndikawerenge kulibe. Osati kuno kokha. Kulibe pa dziko lonse."

Magaziniyi inali ya kafukufuku wa madzi ndi nthaka. Munthu akatumiza pepala, Mkonzi ankalipereka kwa katswiri wina kuti aliunike mwachinsinsi, wolemba osadziwa wounika, wounika osadziwa wolemba. Ndemanga ya katswiriyo ndi imene inkatsegula chitseko kapena kuchitseka. Cha mtsikana wa zitsime chinatsekedwa, ndipo popanda pepalalo sakanatsiriza maphunziro ake.

"Komanso akuti sindinayeze madzi m'nyengo yamvula," anapitiriza. "Tsegulani pakati pa pepalalo muone. Ndinavumbidwa mpaka kudwala. Munthu ameneyu analiwerenga pepala langa, kapena anangolinunkhiza?"

Mkonzi anamulonjeza kuti ayang'ana. Mtsikanayo atatuluka, Mkonzi anatsegula ndemanga ija pa kompyuta n'kuiwerenganso, ulendo uno mosathamanga.

Inayamba chonchi: "Ndikuthokoza wolembayu chifukwa cha ntchito yofunika kwambiri imeneyi."

Mkonzi anavula magalasi. Wounikayo anali Apulofesa, mphunzitsi wake wakale, amene anayambitsa magaziniyi iye akadali mwana wasukulu. Dzina lawo linali loyamba pa mndandanda wa akatswiri, mkati mwa chikuto. Ophunzira ankawatchula a Lumo. Pa moyo wawo wonse sanathokozepo wolemba aliyense. Pa pepala loyamba la Mkonzi mwiniyo analembapo ndi inki yofiira kuti, "Ubwino wa pepalali ndi umodzi: limatha."

Chaka chatha Apulofesa anadwala sitiroko. Akazi awo anauza anthu kuti wavuta ndi mwendo wokha, mutu uli bwinobwino, ntchito azingotumiza. Ndipo ndemanga zinkabweradi, zoyera, zaulemu, zofika msanga. Akatswiri ena ankafunika kuwakumbutsa mpaka kuwanyengerera ngati ana okana kusamba. Apulofesa okha ndiwo ankayankha sabata isanathe. Mkonzi anakondwera nazo, ndipo sanafunse kanthu. Anaganiza kuti matenda awafewetsa mtima. Tsopano anaona kuti anaganiza choncho chifukwa zinkamukomera.

M'mawa mwake anapita kunyumba kwawo osaimba foni.

Pakhonde panali patawakidwa potsetsereka pa simenti, poti njinga ya wodwala izidutsa. Pachingwe panali mashiti a pabedi, ambiri kuposa a nyumba ya anthu awiri. Amayi, akazi a Apulofesa, anatsegula chitseko pang'ono, n'kuima pakati pake. Anali mayi wamfupi, wa manja olimba. Sukulu sanapite nayo patali, koma mabuku onse a amuna awo anawataipa ndi iwo, kuyambira pa makina akale ogogoda aja mpaka pa kompyuta.

"Akupuma," anatero.

"Ndidikira, Amayi."

"Ukalamba ukudikira."

"Ndakalamba kale. Ndinakalambira m'nyumba muno, mukundidyetsa ine ndikulira ndi inki yofiira."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anayang'ana envulopu imene inali m'khwapa mwake. Anasiya chitseko n'kulowa. Mkonzi anawatsatira.

Apulofesa sankapumula. Anali m'chipinda chawo chowerengera, pa desiki. Kumtunda anavala malaya oyera ositidwa, jekete, ndi tayi yabuluu yomangidwa bwino. Kumunsi anafunda bulangete, mapazi ali m'masilipasi. Dzanja lamanja linali pamiyendo, lopindika, ngati aliiwala pamenepo. M'thumba la jekete munali cholembera chofiira. Patsogolo pawo panali pepala limene Mkonzi anatumiza sabata yatha, losindikizidwa, lopanda ndi kadontho komwe ka inki.

"Mwadzuka bwanji, Apulofesa?"

Diso limodzi linamuzindikira msanga. Pakamwa panatenga nthawi. Mbali imodzi ya mlomo inalimbana ndi mawu kufikira anatuluka.

"Wa... chedwa."

"Ndachedwadi," anatero Mkonzi.

Amayi anawapukuta malovu pachibwano ndi kansalu, mwachangu, ngati akuchotsa fumbi pa tebulo. "Tiye kukhitchini," anauza Mkonzi. "Abambo ako ali pa ntchito."

Kukhitchini kunali mabotolo a mankhwala pawindo, ndi laputopu pamwamba pa filiji. Amayi anateleka madzi. Mkonzi anatulutsa ndemanga ija n'kuiika pa tebulo, koma asanayambe kulankhula Amayi anamudula.

"Usavutike ndi kuzungulira. Ndine. Ukufuna ndilire?"

"Ndikufuna ndimve."

"Mwana wathu wa kunja uja anandiikira ka pulogalamu pa laputopupo, kamene umakafunsa n'kumakulembera kokha. Ankati ndizikafunsa za mankhwala. Ndiye pepala likabwera ndimaliponya mmenemo, n'kukauza kuti lemba ngati pulofesa wa madzi. Sikachedwa. Tiyi asanawire kamakhala katatha. Ndimawawerengera abambo ako, iwo amagwedeza mutu, ine n'kutumiza."

"Amamva zimene mukuwerengazo?"

"Amagwedeza mutu. Ngakhale ndiwafunse ngati lero ndi Lamulungu amagwedeza. Ndimawerenga mothamanga, ndisakunamize."

Mkonzi anakhala pa mpando. Amayi anaima chiimire, atatsamira sinki.

"Iwe sunaone," anatero. "Titachoka kuchipatala anatembenukira kukhoma. Chakudya ayi, kusamba ayi. Ndikabwera ndi supuni ankaluma mano. Adokotala anati akapitiriza tiwaika chubu m'mphuno. Munthu amene ankanjenjemeretsa holo yonse, chubu m'mphuno. Ndiye tsiku lina imelo yako inabwera. Ine ndinangosindikiza pepalalo kuti ndiwaonetse, ndinati onani, anthu anu sanakuiwaleni. Analiyang'ana, n'kuloza kabati. Ndinatulutsa malaya, anapitiriza kuloza. Ndinatulutsa jekete, akulozabe. Ankafuna tayi. Tsiku limenelo anadya mbale yonse."

Madzi anawira. Amayi anazimitsa moto koma tiyi sanathire.

"Kuyambira pamenepo, pepala likakhala pa desiki amadzuka, amasamba, amavala. Likachoka amayamba kuyang'ana kukhoma. Ndiye ndimabweza ndemanga msanga kuti utumize lina. Nawe sunkachedwa kutumiza."

"Sindinkachedwa," anavomera Mkonzi.

"Ndiye vuto lili pati? Kamakinako kamalemba Chingerezi choposa cha aphunzitsi ena amene ndinawataipirapo."

"Kanapeka mabuku, Amayi. Maina a olemba, zaka, masamba, zonse zabodza. Pali mtsikana wawafunafuna mpaka nsapato kutha. Pepala lake tinalikana chifukwa cha ndemanga imeneyi, ndipo alipo ena."

Amayi anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo louma kale.

"China n'chakuti mapepala amenewa si athu," anapitiriza Mkonzi. "Eni ake amatisungitsa asanaonetse dziko. Mukaliponya mmenemo ndiye kuti latuluka m'nyumba muno, ndipo kumene lakafika palibe akudziwa, inu kapena ine. Madzi akatayika saoleka. Makinawo sitiwaletsa. Wolemba akafuna amuwongolere chilankhulo, amuwongolere, bola anene poyera. Koma chigamulo chimafuna munthu amene wawerenga, woti tikamufunsa kuti bwanji wakana, ayankhe. Apa ndifunse ndani? Filiji?"

"Funsa ine."

"Dzina lili pansipo si lanu."

Amayi anaponya kansalu m'sinki. "Chabwino. Mtsikana wakoyo umupezere wounika wina. Enawonso uwakonzere mwakachetechete. Koma dzina la abambo ako lisachoke pachikuto, ndipo mapepala uzitumizabe. Tumiza akale. Tumiza abodza. Fufuta chaka n'kutumiza. Ndani adziwe? Ine sindidzaponyanso kanthu m'makinamo. Angoona pepala pa desiki basi."

Mkonzi anaganizira mawuwo. Zinali zotheka. M'makabati a ku ofesi munali mapepala akale odzaza, okanidwa kalekale, eni ake ena anamwalira. Akanatha kutumiza limodzi mwezi uliwonse mpaka tsiku la maliro. Komiti ya magazini akanaiuza kuti panali kusokonekera pang'ono. Anayang'ana mabotolo a mankhwala aja, n'kutsegula pakamwa kuti avomere.

Kuchipinda kunamveka phokoso. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Inali supuni ikumenyedwa pa kapu.

Chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula. Cha kuchipinda chowerengera chinalinso chotsegula. Amayi anatseka maso.

"Makutu okha ndiye sanafe," anatero.

Mkonzi anabwezera ndemanga m'envulopu, onse n'kupita. Anapeza Apulofesa atagwira supuni ku dzanja lamanzere. Anaisiya, n'kuloza envulopu ya Mkonzi.

"We... renga."

"Bambo, mwatopa," anatero Amayi. "Nthawi ya mankhwala yakwana." Kenaka anatembenukira kwa Mkonzi, mawu ali pansi. "Usawayese. Ukufuna uwavule pamaso panga?"

Supuni inamenyanso kapu, kamodzi, mwamphamvu.

Mkonzi anakoka mpando, n'kutulutsa mapepala a m'envulopumo. "Apulofesa, malamulo amalola kuti wounika wodwala amuthandize munthu, bola tilembe kuti wathandizidwa. Ndikuwerengerani pepala la zitsime lonse. Chimene munene ndilemba, ndipo chikhala chanu."

Anayamba kuwerenga pang'onopang'ono. Apulofesa anatsinzina, mutu utapendekeka, monga ankachitira kale wophunzira akaima kutsogolo. Pa ndime yachiwiri chala chinadzuka.

"Cha... tali."

Mkonzi anayang'ana chiganizocho. Chinali chachitalidi, chodzaza ndime yonse. Anaseka mosafuna, ndipo Amayi anagwira pakamwa. A Lumo anali momwemo.

Anapitiriza. Mawu oyamba anatha, anafika pa kayezedwe ka madzi, kenaka pa manambala. Apulofesa anatsegula maso n'kukodola kuti awaonetse. Mkonzi anaika tsambalo pa desiki. Chala chinayamba pa mzere woyamba, chinayenda pang'ono, chinatsikira mzere wina, chinabwerera. Chinaima.

"Bwe... reza."

Mkonzi anabwereza. Chala chinayambanso, n'kusocheranso pamalo omwewo. Anabwerezanso. Thukuta linatuluka pamphumi n'kutsikira mu kolala. Apulofesa ankayang'ana manambalawo ngati munthu amene wafika pa nyumba yake n'kupeza mukukhala anthu ena. Mkonzi anaona kuti zimene anawerenga poyamba zija zachoka kale m'mutu mwawo. Chiganizo chimodzi ankachigwira. Chikabwera chachiwiri, choyamba chinkagwa.

Apulofesa anakankha tsambalo. Ankapuma movutikira. Kenaka analoza pepala lina lija, ndemanga yolembedwa m'dzina lawo.

Mkonzi anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana pawindo. Mkonzi anawerenga.

"Ndikuthokoza wolembayu chifukwa cha ntchito yofunika kwambiri imeneyi."

Pakhosi pa Apulofesa panatuluka mawu osadziwika ngati n'kuseka kapena kutsamwa.

"I... ne?"

Mkonzi anapitiriza mpaka pa mabuku aja. Anatchula wolemba woyamba. Apulofesa anakweza nsidze. Wolembayo ankamudziwa, anali mnzawo wa zaka zambiri, anamwalira kalekale. Buku limene makina anamupatsa linali la chaka chimene iye anali atagona kale kumanda. Zimenezi sizinasowe kubwereza. Apulofesa anatembenuza mutu wonse, pang'onopang'ono, mpaka anapeza akazi awo.

Amayi sanagwetse maso.

"Inde, ndine," anatero. "Munkafa. Mundiyang'ane mmene mungathere. Munkafa, ndipo ine manda sindinawakonzekere."

Panja munthu wina ankasesa msewu. Apulofesa analoza pa shelefu, pamene panali magazini onse kuyambira yoyamba, atandandalikidwa mwa zaka. Mkonzi anatenga yomaliza. Apulofesa anamukodola kuti atsegule chikuto. Kenaka dzanja lamanzere linakwera kuthumba la jekete, linaphonya, linakweranso, n'kutulutsa cholembera chofiira. Chivindikiro anachichotsa ndi mano.

Mkonzi anafuna kuwagwira dzanja. Iwo anamukankha ndi chigongono.

Mzere unayamba bwino, pa chilembo choyamba cha dzina lawo. Unadutsa pakati pa dzinalo ukunjenjemera. Kumapeto dzanja linalephera kuima, mzerewo unatsetsereka n'kukadula dzina la pansi pake. Dzina la pansi linali la Mkonzi. Apulofesa anauyang'ana mzerewo, anamuyang'ana Mkonzi, ndipo sanaonetse kuti walakwika.

"O... nse," anatero. "Uwa... uze."

"Ndiwauza onse, Apulofesa."

Cholembera chinagwera pansi. Dzanja linapita pakhosi n'kuyamba kukoka tayi. Mfundo inangolimba. Anakokabe mpaka nkhope inada. Amayi anabwera, anachotsa dzanjalo, anamasula mfundo ndi zala ziwiri. Tayiyo anaikulunga pa chikhato monga ankachitira madzulo aliwonse, n'kuiika m'dirowa.

Amayi anamuperekeza Mkonzi mpaka pageti.

"Wapeza chimene umafuna," anatero.

"Sindimafuna chimenechi, Amayi."

"Aliyense amatero akatha. Mawa akakana kudya ndikuimbira. Ubwere ndi malamulo akowo udzawadyetse."

Ku ofesi Mkonzi anatulutsa mapepala onse amene anadutsa kunyumba ija chidwalireni Apulofesa. Ena anakanidwa. Limodzi linavomerezedwa, ndipo linali litasindikizidwa kale. Analembera eni ake mmodzimmodzi, kuwauza kuti ndemanga zawo sizinalembedwe ndi munthu, kuti mapepala awo analowetsedwa m'makina iwo osafunsidwa, ndi kuti aunikidwanso. Komiti inakhala. Wapampando anamufunsa kuti iye monga mkonzi anali kuti nthawi yonseyi. Anayankha kuti anali pomwepo, akukondwera ndi liwiro. Anamuuza kuti atsirize magazini ali m'manjawo, za mpando wake akambirana pambuyo pake.

Mtsikana wa zitsime anabweranso, ulendo uno anagogoda.

"Ndiye anali ndani?"

"Sindingakuuzeni."

"Munthu kapena makina?"

"Makina analemba. Munthu anatumiza. Ine ndinalandira osawerenga bwino."

"Nanga pepala langa lili kuti panopa? M'makinamo?"

"Sindikudziwa, ndipo sindikunamizani kuti ndingalitulutsemo."

Mtsikanayo anamuyang'ana. "Bola simunandiuze kuti mukundithokoza chifukwa cha ntchito yofunika," anatero, n'kunyamula chikwama.

Foni ya Amayi sinabwere mawa lake. Inabwera sabata ikutha, masana, Mkonzi akulemba chidziwitso choti chidzatuluke kutsogolo kwa magazini, chouza owerenga zimene zinachitika popanda kutchula munthu.

"Sakudya," anatero Amayi, n'kudula.

Mkonzi anawapeza Apulofesa kuchipinda chogona, atavala zogonera, nkhope ili kukhoma. Ndevu zinali zitamera. M'chipindamo munkamveka fungo la mankhwala ndi la thupi losasamba. Pa kabati panali mbale ya supu yovindikira. Amayi anaitenga n'kuiika m'manja mwa Mkonzi.

"Malamulo aja wabwera nawo?"

Mkonzi anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayesa kuwaitana, anayesa kuwagwira phewa. Anayandikiza supuni, mano anali olumana. Supu inadonthera pa pilo. Amayi anaima pachitseko atapinda manja, osathandiza.

Mkonzi anaika mbale pansi. Anatsegula chikwama n'kutulutsa chidziwitso chija.

"Apulofesa, ili si pepala la munthu. Ndalemba ndekha, ndiye ndili ndi ufulu wokuonetsani. Si ntchito ya magazini. Dzina lanu silikhalapo, ndipo silidzabwereranso pachikuto. Ndikungofuna mumve mmene ndawauzira."

Msana sunagwedezeke. Iye anawerengabe. Anali atachilemba mosamala kwambiri, poopa komiti, poopa maloya, poopa kupweteka anthu a m'nyumba muno. Chiganizo choyamba chinayamba ndi kukumbutsa mbiri yabwino ya magaziniyi, chinadutsa pa kusintha kwa nthawi ndi kubwera kwa zipangizo zatsopano, chinapepesa kwa onse amene mwina anakhudzidwa mwa njira ina iliyonse, ndipo mpweya unamuthera asanafike pa mpumiro.

Pansi pa bulangete china chake chinasuntha. Chala chinatuluka. Mutu unatembenuka pang'ono, osati wonse, ndipo mlomo unayamba kulimbana.

"Cha... ta..."

"Lowetsa supuni asanatseke," anatero Amayi.

Mkonzi analowetsa. Apulofesa anatsamwa pang'ono, anameza, anamuyang'ana ndi diso laukali.

"Nanga waima chifukwa chiyani?" anatero Amayi. "Werenga chinacho. Ndikukudziwa iwe, zonse n'zazitali."

Mbale sinathe. Anadya pang'ono, n'kutembenukiranso kukhoma. Amayi anatenga mbaleyo, anaiyang'ana mkati, anaivindikira.

"Mawa ubwere ndi china," anatero. "Ulembe wekha. Ndipo usachikonze."